Kubzala Mtengo wa Mango Pakhomo

Ana inu, mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, ambili a inu mumafika ku sukulu milomo ndi zala zili cikasu, ndipo aphunzitsi safunsanso cimene mwadya m'njila. Ndi nyengo ya mango. Koma kodi munayamba mwafunsapo kuti mtengo umene mumathyolako zipatso unabzalidwa ndi yani? Kafunseni akulu-akulu a kwanu madzulo ano. Kambili mudzapeza kuti amene anaubzala ndi munthu wokalamba kwambili, kapena anamwalila inu musanabadwe. Mukamayenda m'chile ndi kupeza mitengo ya mango itaima pamodzi pamalo popanda nyumba, dziwani kuti pamenepo ndi pa bwinja. Mudzi unasamuka kale-kale, nyumba zinagwa, koma mitengo idakabalabe.

M'phunzilo lino tifuna kuti inunso mubzale mtengo wanu pakhomo pa makolo anu. Koma tiyambe ndi cenjezo. Caka ndi caka m'dziko lathu la Zambia anthu amabzala mitengo yambili-mbili m'Disembala ndi m'Januwale. Mukabwelela pamalo omwewo m'Okutobala, mitengo ina simuipeza, ndipo pena mupeza kandodo kouma cabe. Mbande sizinali zoipa ai. Cinalakwika ndi cakuti obzalawo anayesa kubzala mtengo nchito ya tsiku limodzi. Nchito imeneyi imayamba mvula isanagwe, ndipo sikutha kufikila mtengowo utapyola cilimwe cace coyamba ndi kuonanso mvula yaciwili. Tiyeni tiitsate kuyambila paciyambi.

Mtengo wa njele ndi mtengo womezanitsa

Ngakhale mango apezeka pafupi-fupi m'mudzi uliwonse, si mtengo wa m'nkhalango zathu monga masuku, maula kapena bwemba. Kwao kwa mango ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo, kumene anthu akhala akuwalima kwa zaka zikwi zingapo. Amalonda oyenda pa nyanja ndiwo anawafikitsa ku gombe la kum'mawa kwa Africa zaka mazana ambili zapitazo, ndipo kucokela kumeneko njele zace zinalowa kumtunda m'manja mwa apaulendo. Mtengowu unapeza kuti nyengo zathu ziuyenela, pakuti umafuna miyezi youma kuti ucite maluwa bwino, ndi miyezi yotentha kuti zipatso zikhwime.

Pali njila ziwili zopezela mbande. Yoyamba ndi kufesa njele ya mango athu a masiku onse. Sankhani bango lakupsa bwino la mtengo umene mumakonda zipatso zace, ndipo mufese njele yace msanga, cifukwa ikakhala milungu ingapo imafa. Munthu wamkulu akuthandizeni kutsegula cikhokho colimbaco ndi mpeni, osalasa njele ya m'kati. Mukapezamo kacilombo kapena njele yakuda, itayeni. Yabwinoyo muifotsele pang'ono cabe, msana wace uli kumwamba, ndipo imamela pakapita milungu iwili kufikila inai. Mudzaona cinthu codabwitsa: njele imodzi ya mango athu kambili imatulutsa timitengo tiwili, titatu kapena kuposapo. Siyani kamodzi kamphamvu, tinato muzule. Mtengo wotele ndi wolimba, umakula kwambili, koma umacedwa kubala. Muyembekeze zaka 5 kufikila 8.

Njila yaciwili ndi kugula mbande yomezanitsa ku nazale. Kumezanitsa ndi kudula kanthambi ka mtengo wa zipatso zabwino ndi kukalumikiza pa tsinde la mbande ya mango wamba, kufikila ziwilizo zitagwilana ndi kukhala mtengo umodzi. Mizu ndi ya mango athu opilila, koma nthambi ndi zipatso ndi za mtundu wosankhidwawo. Mitundu yodziwika monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt inasankhidwa ku Florida, m'dziko la America. Zipatso zace ndi zazikulu, ndipo za Kent ndi Keitt zili ndi ulusi wocepa. Mtengo womezanitsa umayamba kubala pa zaka 3 kapena 4. Koma samalani apa: mukadya bango la Kent ndi kufesa njele yace, mtengo umene udzamela sudzabala zipatso zofanana ndi zimene munadya. Mitundu imeneyi imasungika mwa kumezanitsa. Mlangizi wa zaulimi wa kwanu kapena anchito a Dipatimenti ya Zankhalango angakuuzeni kumene mungapeze mbande zabwino.

Pogula, yang'anani mbande ya masamba obiliwila, yopanda mawanga, imene polumikizila pace panapola bwino. Musakopeke ndi mbande yaitali koposa zinzace. Imene yakhalitsa m'cipepala cace imakhala ndi mizu yopota-pota, ndipo ikabzalidwa imacedwa kugwila.

Kusankha malo

Mbande imene mwanyamula m'manja lelo idzakhala mtengo wopitilila denga la nyumba. Cotelo posankha malo musayang'ane msinkhu wace wa lelo, koma muuone m'maganizo mwanu monga udzakhalila pakapita zaka 20. Mitengo yambili ya pakhomo siifa ndi matenda, koma ndi nkhwangwa ya mwini wace, pamene waona kuti nthambi zili kukhula malata, mizu ili kusokoneza maziko, kapena mthunzi wapha ndiwo za m'dimba.

Talikilani mamita 10 kucokela ku nyumba, ku citsime, ku cimbudzi ndi ku mtengo wina waukulu. Phazi lalikulu limodzi la munthu wamkulu lili pafupi-fupi mita imodzi, motelo atate kapena amai angakupimileni ndi mapazi khumi. Yang'ananinso kumwamba. Ngati pamenepo pamapita nthambo za magetsi, funani malo ena, pakuti mtengo ukadzazifika udzadulidwa, ndiponso ndi ngozi kwa mwana wokwelamo. Musabzale pa malile eni-eni a anansi anu, cifukwa nthambi sizidziwa malile, ndipo milandu yambili ya pakati pa anansi inayamba ndi zipatso zogwela kuseli kwa mpanda.

Malowo akhale oomba dzuwa tsiku lonse, ndipo nthaka yace ikhale yakuya ndi yosasunga madzi. Mango amakula m'katondo ndi m'dothi la mcenga lomwe, koma sakondwa m'dambo kapena pamalo podikha madzi, cifukwa mizu nayonso imafuna mpweya, ndipo ikamila masiku ambili imaola. Pathanthwe paliponso ndi posayenela, popeza muzu waukulu wa mango umalowa pansi kwambili kukafuna madzi.

Musanakumbe, pemphani cilolezo kwa makolo anu, ndipo ngati nyumba ndi yacilendo imene mumalipila, makolo akambilane ndi mwini wace. Inu a m'tauni amene bwalo lanu ndi laling'ono, musadandaule. Bzalani gwafa, ndimu kapena papaya, mitengo imene siifuna malo aakulu. Malangizo a m'phunzilo lino adzakuthandizani cimodzi-modzi.

Kukumba dzenje

Dzenje likumbidwe mwezi umodzi tsiku lobzala lisanafike, ndiye kuti m'Novembala. Likhale masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kuya kwace. Lula yanu ya ku sukulu ndi ya masentimita 30, motelo malula awili ndiwo muyeso wa mbali iliyonse. Mwina mudzafunsa kuti, nanga dzenje lalikulu cotele nlaciani, mbande ili yaing'ono? Yankho ndi lakuti mizu yatsopano ndi yanthete, ndipo siingathe kuboola nthaka youma gwa. Dothi lofewa limene mwaikonzela ndilo lidzailela miyezi yoyamba.

Pokumba mudzaona kuti dothi lili mitundu iwili. La pamwamba ndi lodelapo, cifukwa muli masamba oola ndi tizilombo tating'ono timene timakonza cakudya ca zomela. La pansi ndi lofiila kapena lotuwa, ndipo conde cace ncocepa. Unjikani la pamwamba mbali imodzi, la pansi mbali ina, osasakaniza. Mukatha, tsanulilani ndowa ziwili za madzi m'dzenjemo ndi kubwelanso m'mawa mwace. Madzi akaphwa, malowo ndi abwino. Mukawapeza ali cikhalile, kumbani pena.

Tsono tengani dothi la pamwamba lija, mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwili za manyowa oola bwino a m'khola la ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku, kapena a kompositi. Manyowa oola amakhala akuda, ofumbutuka m'manja, osanunkha ndi osatentha. Aawisi amatentha mizu ndi kuitana ciswe. Bwezelani cisakanizoco m'dzenje kufikila litadzala ndi kutumphuka pang'ono, pakuti mvula ikagwa dothi lidzatsika. Likapelewela, palani dothi lina la pamwamba capafupi. Dothi la pansi lija mulisunge, lidzagwila nchito pa tsiku lobzala. Pakati pa dzenje zikani kamtengo kuti musadzaiwale malo ace.

Nthawi yobzala

M'dziko lathu mvula imayamba m'Novembala ndi kutha m'Epulo, koma siigwa mofanana ponse-ponse. Ku zigwa za Luangwa ndi Zambezi imacepela mamilimita 800 pa caka. Ku mapili a Kum'mawa, monga ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndiponso ku Lusaka ndi ku Kabwe, imagwa pakati pa 800 ndi 1,000. Kumpoto ndi ku Copperbelt imapitilila 1,000. Kumene mvula ili yocepa, mlimi sayenela kutaya ngakhale mlungu umodzi.

Musabzale pa mvula yoyamba, cifukwa kambili imanyenga: imagwa tsiku limodzi, kenaka dzuwa limaomba milungu iwili. Yembekezani kufikila nthaka itanyowa ndithu mpaka pansi, ndipo kwa ambili a ife nthawi imeneyi ndi pakati pa Disembala. Ndico cifukwa cace nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala. Mbande yobzalidwa pamenepo ili ndi miyezi itatu kapena inai ya mvula yakuti izikitse mizu. Yobzalidwa kumapeto kwa Febuluwale imakumana ndi cilimwe mizu ikali pamwamba, ndipo imeneyi ndiyo imakhala kandodo kouma kaja.

Tsiku lobzala

Sankhani tsiku la mitambo, kapena bzalani madzulo dzuwa litapendeka. Thililani mbande ikali m'cipepala cace kuti dothi ligwilane ndi mizu. Poinyamula gwilani cipepalaco, osati tsinde.

Pakati pa dzenje lanu fukulani kadzenje kolingana ndi cipepala. Ng'ambani cipepalaco ndi lezala kapena mpeni kuyambila pamwamba mpaka pansi, ndi kucicotsa conse mosagwedeza dothi. Ena amabzala mbande pamodzi ndi cipepala cace, ndipo mizu imakhala m'ndende mpaka mtengo kufa. Mukaona mizu itazungulila pansi ngati nkhata, iongoleni ndi zala mofatsa, ndipo yopindika kwambili muidule ndi mpeni wakuthwa.

Ikani mbande m'kadzenjemo ili ciimile. Apa mpamene ambili amalakwa, poganiza kuti kuzika kwambili ndiko kulimbitsa mtengo. Dothi lifike pomwe linalekeza m'cipepala, osapitililapo. Khungwa la tsinde silinapangidwe kuti likhale m'nthaka, ndipo likakwililidwa limaola. Ngati mbande ndi yomezanitsa, polumikizila pakhale pamwamba pa nthaka poonekela bwino. Fotselani, ndi kutsindila ndi manja mozungulila kuti musatsale mphako za mpweya, koma musapondeleze ndi cidendene monga mozika mzati.

Tsopano tengani dothi la pansi lija, muumbe kamzele kozungulila mbande, kotalikila masentimita 50 kucokela pa tsinde, kuti pakhale ngati mbale yosunga madzi. Tsanulilanimo ndowa yathunthu pang'ono-pang'ono, ngakhale kuli mitambo ya mvula, cifukwa madzi amenewa ndiwo amagwilizanitsa dothi ndi mizu. Potsiliza yalani udzu wouma kapena masamba m'mbalemo, koma musiye mpata wa cikhatho cimodzi kuzungulila tsinde. Ngati pamalopo pamaomba mphepo, zikani cikhomo capambali ndi kumangililako mbande ndi luzi kapena kansalu, momasuka, kuti cingwe cisadye khungwa. Feteleza asakhudze mizu pa tsiku limeneli.

Cifukwa cace mbande imafota

Kuti mumvetse zimene tanenazi, muyenela kudziwa mmene mtengo umamwela. Kunsonga kwa mizu kuli timizu tating'ono kwambili tonga ubweya, ndipo timeneti ndito timayamwa madzi ndi mcele wa m'nthaka. Madziwo amakwela m'tsinde mpaka ku masamba. Kumeneko ena amasakanizidwa ndi mpweya wochedwa kaboni daiokisaidi, mwa mphamvu ya kuwala kwa dzuwa, ndi kupanga cakudya ca mtengo. Koma madzi ambili amatuluka ngati nthunzi kupyolela m'timabowo tosaoneka ndi maso ta pa masamba.

Mungadzionele nokha zimenezi. M'mawa wa tsiku la dzuwa, vekani pepala la pulasitiki loonekela m'kati pa kanthambi ka masamba, ndi kumanga kukamwa kwace. Pofika masana mudzapeza madontho a madzi m'katimo. Madzi amenewo acokela m'nthaka, ndipo adzela m'mizu, m'tsinde ndi m'masamba.

Pamene tisamutsa mbande, timizu tina timaduka, koma masamba amapitilizabe kutaya madzi monga kale. Otuluka akaposa olowa, mbande imafota. Ndico cifukwa cace timabzala madzulo, sitigwedeza dothi la ku mizu, ndipo timaphimba nthaka ndi udzu. Mbande imasonyeza kuti yagwila pamene yatulutsa masamba atsopano. A mango amayamba ali ofiilila ndi olendewela ngati ofota. Musacite mantha, si matenda ai, pakapita masiku amalimba ndi kubiliwila.

Adani anai a caka coyamba

Mdani woyamba ndi ludzu. Ngakhale m'dzinja, pakapita mlungu wathunthu popanda mvula, thililani. Tonse tikumbukila caka ca 2024, pamene mvula inaleka kwa milungu ingapo m'Januwale ndi m'Febuluwale m'zigawo zambili, cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mtengo waukulu umapilila nyengo yotele cifukwa mizu yace ili pansi, koma mbande ya miyezi iwili ilibe kothawila. Kuyambila m'Meyi mpaka mvula itabwelanso, ipatseni cigubu cimodzi ca malita 20 pa mlungu, ndipo m'Sepitembala ndi m'Okutobala, pamene kwatentha koposa, kawili pa mlungu. Kuthilila kwambili kamodzi kuposa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku, cifukwa madzi olowa pansi amakoka mizu kuti iwatsate, koma owaza pamwamba amasunga mizu pamwamba pomwepo. Ngati citsime cili kutali, sungani madzi otsukila ndiwo ndi mpunga, ndiponso osambila opanda sopo wambili. Mungakwililenso mbiya yakale yosweka pang'ono pansi, kapena botolo loboola timabowo, pafupi ndi mbande, ndi kumalidzaza madzi kuti azidontha pang'ono-pang'ono ku mizu.

Mdani waciwili ndi mbuzi, pamodzi ndi ng'ombe ndi nkhumba. Anthu akatha kukolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo m'cilimwe mbande yanu ingakhale cinthu cokha cobiliwila pabwalo ponse. Mbuzi imatha m'kamphindi nchito ya miyezi isanu ndi umodzi. Cotelo mpanda umangidwe pa tsiku lomwelo lobzala, osati mawa. Zikani mitengo inai kapena isanu mozungulila, ndi kuluka nsungwi, bango kapena nthambi za minga, kufika m'cifuwa ca munthu wamkulu. Ena amasanja njelwa mosiya mipata kuti mphepo ndi kuwala zizilowa. Pamwamba pakhale potsegula. Nkhuku nazonso zimapalasa udzu ndi kufukula mizu, motelo mipata ya pansi ikhale yaing'ono.

Mdani wacitatu ndi ciswe. Cimakonda mtengo wofooka ndi ludzu, cotelo kuthilila bwino ndiko mankhwala oyamba. Musabzale pafupi ndi culu camoyo. Yendelani mbande yanu kawili-kawili, ndipo mukaona tinjila ta dothi tikukwela pa tsinde kapena pa cikhomo, tikhululeni, mufutukule udzu, ndi kuwaza phulusa lozizila mozungulila. Mankhwala a m'sitolo ophela tizilombo si a ana. Amenewo agwile ndi akulu okha, atafunsa mlangizi.

Mdani wacinai ndi moto. Kuyambila m'Ogasiti chile limapsa, ndipo ena amasesela zinyalala patsinde pa mtengo ndi kuzitentha pomwepo. Khungwa la mtengo waung'ono ndi lopyapyala, ndipo pansi pace pomwepo mpamene pamadzela cakudya cocokela ku masamba. Likapsa kuzungulila, mtengo wafa. Lambulani udzu mamita awili kuzungulila mpanda wanu cilimwe cisanafike, ndipo dzala likhale kutali. Inu okhala kumene kumagwa cisanu coopsa m'Juni ndi m'Julaye, makamaka m'mphepete mwa madambo, phimbani mpandawo ndi udzu kapena thumba usiku wozizila, ndi kucotsa m'mawa.

Kuongola mtengo

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Pa mbande yomezanitsa, mphukila iliyonse yotuluka pansi pa polumikizila ndi ya mango wamba, ndipo ikalekeleledwa imakula msanga ndi kupha nthambi yabwino ija. Ibudulani ikali yanthete. Ngati pa cilonda patsala kapepala komangila, kamasuleni cilondaco cikapola, kuti kasamange tsinde pamene likukula.

Mtengo ukafika mita imodzi, dulani nsonga yace kuti uturutse nthambi za m'mbali. Mwa zimenezo siyani zitatu kapena zinai zoloza mbali zosiyana. Mtengo woumbidwa cotele umakhala wamfupi ndi wotambasuka, dzuwa limalowa m'kati, ndipo zipatso zimathyoledwa munthu ali pansi, popanda kukwela kapena kugenda. Samalani ndi utomoni wa mango, pakuti umawaula khungu, ndipo m'maso usafike.

Pali lamulo lina lovuta kulisunga. Mbande yomezanitsa nthawi zina imacita maluwa caka coyamba kapena caciwili, ikali yofika m'ciuno. Mtima udzafuna kuona bango loyamba, koma maluwawo muwacotse. Kamtengo kakasenza zipatso, mphamvu yonse imapita kumeneko, ndipo mizu ndi nthambi zimapinimbila. Kuleza mtima zaka ziwili kudzakupatsani mtengo wobala zaka makumi ambili.

Mvula yaciwili ikayamba, kulitsani mbale ija, muonjeze ndowa ya manyowa mozungulila, molingana ndi pamene nthambi zalekeza, pakuti mizu yoyamwa ili pamenepo, osati patsinde. Mtengo umene wafika pa tsiku limeneli uli wamoyo wapyola zoopsa zace zazikulu. Mpanda ukhalebe kufikila mbuzi italephela kufika ku masamba.

Ukadzayamba kubala, nchito yaikulu idzakhala ukhondo. Mphutsi zimene mumapeza m'mango ndi ana a nchenche za zipatso, zimene zimaikila mazila pansi pa khungu la bango. Mtundu wina woononga kwambili unacokela ku Asia, unapezeka koyamba mu Africa ku Kenya m'caka ca 2003, ndipo unafalikila mpaka kuno. Bango likagwa, mphutsi zimalowa m'nthaka ndi kutulukamo zili nchenche zatsopano. Tolani mango onse akugwa tsiku ndi tsiku. Oola muwakwilile m'dzenje lakuya masentimita 50, kapena muwamange m'thumba lakuda la pulasitiki ndi kuliika padzuwa masiku angapo. Mango akupsa ali ndi mavitamini A ndi C, amene amathandiza maso, khungu ndi mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda, ndipo amapsa pa nyengo imene nkhokwe zambili zayamba kupepuka. Si bwino kugawana cakudya cotele ndi mphutsi.

Mau kwa aphunzitsi

Inu aphunzitsi, phunzilo ili lisathele m'kalasi. Kumbani dzenje limodzi pa sukulu pamodzi ndi ana m'Novembala, kuti aliyense agwile dothi la pamwamba ndi la pansi ndi manja ace, asanakacite zomwezo kwao. Kumbukilani kuti nthawi yobzala imagwa m'chuthi ca Disembala, ndiponso kuti chuthi ca Ogasiti cimafika m'kati mwa cilimwe. Mitengo ya pa sukulu imafa kambili pa masiku amenewa cifukwa palibe amene anapatsidwa udindo. Ndico cifukwa cace tikulimbikitsa kuti mwana aliyense akhale ndi mtengo wace pakhomo, pamene amauona m'mawa ndi madzulo.

Mwana aliyense asunge tsamba limodzi m'buku lace, alembepo tsiku lobzala, mtundu wa mtengo, ndi msinkhu wace pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Mtengo ukafa, musamkalipile, koma mufufuze naye pamodzi kuti ndi mdani uti mwa anai aja amene anaupha, ndipo abzalenso mvula ikadza. Ndipo poyamika ana, musawelenge mitengo imene inabzalidwa m'Disembala. Welengani imene ili ndi masamba m'Novembala wa caka cotsatila.

Mafunso

1. Chulani kusiyana kuwili pakati pa mtengo wa njele ndi mtengo womezanitsa.
2. Ncifukwa ciani timasiyanitsa dothi la pamwamba ndi la pansi pokumba dzenje?
3. Cimacitika nciani mbande ikazikidwa mopitilila pamene dothi linalekeza m'cipepala?
4. Kuyambila pa 1 Meyi mpaka pa 31 Okutobala pali milungu 26. Ngati muthilila malita 20 kamodzi pa mlungu kwa milungu 18, ndi kawili pa mlungu kwa milungu 8, mudzatunga malita angati onse pamodzi?
5. Funsani munthu wamkulu wa kwanu za mtengo wakale koposa wa pakhomo panu kapena m'mudzi mwanu. Anaubzala ndani, ndipo anausamala bwanji? Lembani zimene mwamva.

Ana inu, mukawelengela bwino funso lacinai mudzapeza kuti madziwo ndi zigubu 34. Umenewo ndiwo mtengo wace weni-weni wa mtengo wa mango: dzenje limodzi, mpanda umodzi, ndi maulendo 34 a ku citsime. Munthu amene anabzala mtengo umene munathyolako caka catha analipila zomwezo, ndipo mwina sanakuoneni nkomwe. Pitani mukapime malo anu mlungu uno, mvula isanakupezeni opanda dzenje.